Katundu ndili naye koma pakamwa pamandilemera: ndigulitse bwanji?

Funso: Ndinalowa bizinesi ya network marketing miyezi ingapo yapitayo. Timagulitsa mafuta odzola, sopo ndi mapiritsi a mavitamini, ndipo ukalowetsa anthu ena umalandirako komishoni pa zimene iwo agulitsa. Katundu ndili naye m'nyumba, koma ndikafuna kuuza munthu mtima umagunda, ndimangocheza zina mpaka kutsanzikana. Upline wanga, amene anandilowetsa mu bizinesiyi, akuti ndili ndi maganizo a umphawi, akuti ndilembe mayina 100 a abale ndi anzanga n'kuyamba kuwaimbira. Mayinawo ndinalemba, koma sindinaimbire ngakhale mmodzi. Manyazi amenewa ndiwathetse bwanji? Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndalamayi ndikuifuna.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cholemba mosabisa. Mawu oti muli ndi maganizo a umphawi musawasunge mumtima. Si matenda amene akukuvutani, komanso munthu amene amadya nawo pa malonda anu sangakhale woyenera kukupimani. Kulemera pakamwa pa nthawi yogulitsa kumagwira ngakhale anthu amene akhala pa malonda zaka zambiri. Akatswiri awiri a ku America, George Dudley ndi Shannon Goodson, anafufuza nkhani imeneyi kwa nthawi yaitali pakati pa anthu ogwira ntchito yogulitsa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anafotokoza kuti mantha amenewa sali amtundu umodzi. Iwo anawagawa m'mitundu 12. Alipo amene amaopa foni koma pamaso m'pamaso amalankhula bwinobwino. Alipo amene kwa mlendo amagulitsa mosavuta koma akafika kwa m'bale wawo kukamwa kumauma gwa. Ena amaopa anthu olemera kapena ophunzira kuposa iwo. Ena amangokhalira kukonzekera: kuwerenga za katundu, kukonza zithunzi, kupita kumisonkhano ya kampani, mwezi n'kutha osagulitsa kanthu. Ndiye alipo amene pansi pa mtima ntchito yogulitsayo imawachititsa manyazi.

Musanafunse njira yothetsera manyaziwo, funsani kaye kuti akuchokera kuti. Pali zinthu ziwiri zimene m'thupi zimamveka chimodzimodzi, mtima thi thi thi, m'manja thukuta, lilime kulemera, koma gwero lake n'losiyana. Choyamba ndi mantha wamba oopa kukanidwa. Chachiwiri ndi chikumbumtima chimene chikukuuzani kuti chimene mwauzidwa kukanena simukuchikhulupirira. Zili ngati ululu wa m'mwendo. Wina ndi wa minofu imene yangoyamba kugwira ntchito, umatha ukapitiriza kuyenda. Wina ndi wa fupa losweka, ndipo ukaukakamiza umalumala. Kumisonkhano ya network marketing kawirikawiri zonsezi amaziika m'thumba limodzi, n'kumakuuzani kuti manyazi anapha Lambe, limbani mtima basi. Ine ndikuti dziwani kaye ululu wanu ndi uti.

Kudziwa kwake sikovuta. Khalani pansi nokha, upline palibe, ndipo dzifunseni kuti: kukanakhala kuti palibe komishoni, palibe lonjezo la bizinesi, kodi mafuta amenewa ndikanawagula ndi ndalama zanga pa mtengo umenewu? Osati mtengo wotsitsidwa umene inu mumaguliramo, koma umene mukufuna kuti mnzanu alipire. Kenaka dzifunseni ngati mumawadzola nokha, ndipo ngati mumadzola, chimene mwaona n'chiyani, mwa mawu anu, osati a m'kabuku ka kampani. Funso lachitatu ndi lowawa pang'ono: ndalama zimene anthu a pamwamba panu amalandira zimachokera kwa makasitomala enieni amene sali mu bizinesiyi, kapena zimachokera kwa anthu ngati inu amene amagula katundu mwezi ndi mwezi kuti asatsike pa udindo wawo?

Funso lachitatuli silochokera m'mutu mwanga. Ndi pamene pagona kusiyana kwa bizinesi yovomerezeka ndi piramidi, kutanthauza bizinesi yachinyengo imene ndalama zake zimachokera pa kulowetsa anthu osati pa kugulitsa katundu. Mu 1975 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linasumira kampani ya network marketing yotchedwa Amway, imene Jay Van Andel ndi Richard DeVos anayambitsa mu 1959. Chigamulo chinatuluka mu 1979 ndipo chinati Amway si piramidi, ngakhale inapezeka yolakwa pa zina monga kukokomeza ndalama zimene munthu angapeze. Chimene chinaipulumutsa ndi malamulo ake atatu: wogulitsa azigulitsa kwa makasitomala osachepera 10 pamwezi, azigulitsa 70 peresenti ya katundu amene wagula asanalandire bonasi, ndiponso katundu wosagulitsidwa azitha kubwezedwa. Mu 2016 kampani ina ya mtundu womwewu, Herbalife, inavomera kulipira madola 200 miliyoni pothetsa mlandu wake ndi FTC, ndipo inalamulidwa kusintha kalipiridwe kake kuti mphoto zambiri zizichokera pa malonda otsimikizika kwa ogula enieni. Nkhani zonse ziwirizi zikuloza malo amodzi: bizinesi imeneyi imaima kapena kugwa pa kasitomala amene akufuna katunduyo chifukwa cha katunduyo.

Palinso china chimene muyenera kuchidziwa, chifukwa mwati ndalamayi mukuifuna. Mu 2024 ogwira ntchito ku FTC anasanthula zikalata zimene makampani 70 a mtundu umenewu amatulutsa okha zosonyeza ndalama zimene anthu awo amapeza. Anapeza kuti ambiri mwa olowa amalandira madola 1,000 kapena kucheperapo pa chaka chathunthu, ndipo ochuluka ndithu salandira kalikonse, komanso zikalata zambiri sizichotsera zimene munthu wawononga. Sindikunena izi kuti ndikugwetseni mphwayi. Ndikunena kuti mudziwe kukula kwa chinthu chimene mwagwira, ndiponso kuti musadziimbe mlandu poona kuti simunafike pamene pali anthu opeza bwino a pazithunzi za kampani.

Ngati mwayankha mafunso aja n'kupeza kuti katunduyo simungamugule nokha, kapena kuti ndalama za gulu lanu zimachokera pa kulowetsa anthu basi, ndiye kuti manyazi anu akugwira ntchito yake bwino. Musawathetse. Amenewo ndi amene akuteteza dzina lanu ndi maubale anu, ndipo kumapeto ndinenako za mmene mungatulukire osataya zambiri. Koma ngati mwapeza kuti mafutawo ndi abwinodi, mumawadzola, ndipo mtengo wake mungaufotokoze osayang'ana pansi, ndiye kuti vuto lanu ndi mantha wamba, ndipo amenewo amachizika.

Tiyambe ndi kuwamvetsa. Kukanidwa kumapweteka zenizeni, si kufooka kwa munthu. Mu 2003 Naomi Eisenberger ndi anzake anaika anthu m'makina ojambula ubongo n'kuwaseweretsa masewera a pakompyuta oponyerana mpira. Pakati pa masewerawo osewera enawo ankasiya kumuponyera munthuyo mpira, ndipo zigawo za ubongo zimene zinkagwira ntchito kwambiri pa nthawiyo zinali zina mwa zimene zimagwiranso ntchito munthu akamavutika ndi ululu wa m'thupi. Munthu analengedwa kuti aziopa kusalidwa. Vuto limabwera pa zimene timachita ndi manthawo. Mwatenga foni, mtima wayamba kugunda, mwaibweza pansi, ndipo nthawi yomweyo mtima wakhala m'malo. Mpumulo umenewo ndi wokoma, ndipo ubongo umaphunzirapo kuti njira yopulumukira ndi kubweza foni. Mawa manthawo amadzuka atanenepa. N'chifukwa chake kudikira tsiku limene mudzamve kulimba mtima sikuthandiza. Tsikulo silibwera lokha. Kulimba mtima kumabwera pambuyo pochita, thupi likaona kangapo kuti wakanidwa koma sunafe.

Chinanso n'chakuti munthu wamantha amawerengera molakwika. Francis Flynn ndi Vanessa Bohns anatulutsa kafukufuku mu 2008 amene anatuma anthu kukapempha alendo zinthu zing'onozing'ono, monga kuyankha mafunso papepala kapena kubwereka foni. Asanapite ankawafunsa kuti akuganiza kuti apempha anthu angati kuti apeze ovomera okwanira. Ambiri ankatchula chiwerengero chokulirapo pafupifupi kawiri kuposa chimene chinkafunikadi. Kupempha thandizo si kugulitsa, zimenezo n'zoona, ndiye musayembekeze kuti aliyense agula. Koma phunziro lake lili pawiri. Mbali yoyamba, anthu sakhala aukali monga mmene timawaganizira. Mbali yachiwiri ndi imene ogulitsa ambiri safuna kuimva: anthu amavomera kawirikawiri chifukwa kukana kumawachititsa manyazi. Ndiye kuti mchemwali wanu akhoza kugula botolo lanu osalifuna, pongofuna kuti musakhumudwe. Malonda otero ndi ngongole ya ubale. Amagula kamodzi, kachiwiri foni yanu sakuyankha. Ndikuganiza kuti mtima wanu ukudziwa kale zimenezi, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene mayina 100 aja akhalira phee papepala.

Mndandanda umenewo ndikanakonda muulembenso. Unalembedwa potsata funso lakuti "ndikudziwa ndani?" pamene funso logulitsira ndi lakuti "ndani ali ndi vuto limene katunduyu angathetse?" Tengani cholembera, dutsani m'mayinawo, ndipo chongani okhawo amene munawamvapo akudandaula za khungu louma, kapena amene mukudziwa kuti amagula kale mafuta a mtengo wofanana ndi anu. Mwina atsala ochepa kwambiri. Palibe kanthu. Ochepawo mukawalankhula simukhala mukupempha chifundo, mukhala mukuwasonyeza chinthu chimene chingawathandize, ndipo thupi lanu lidzamva kusiyana kwake. Ena onsewo auzeni kamodzi kokha kuti mwayamba kugulitsa zakutizakuti, n'kuwasiya. Wofuna adzakupezani.

Tsopano mawu ake. Uthenga umene ambiri amaphunzitsidwa kutumiza umakhala wotere: "Moni achemwali, koma ndiye papita nthawi! Ana ali bwanji? Ndili ndi mwayi waukulu umene ungasinthe moyo wanu, tipeze nthawi tikambirane." Munthu amene simunalankhule naye zaka ziwiri akalandira zimenezi amadziwa kuti moniyo ndi nyambo. Inunso potumiza mumadziwa, n'chifukwa chake chala chimakana. Yerekezani ndi uwu: "Moni achemwali. Ndayamba kugulitsa mafuta a khungu louma. Ndakhala ndikudzola ndekha ndipo zidendene zanga zasiya kung'ambika. Paja munanenapo za vuto lomweli, ndiye ndati ndikuuzeni. Ngati mungafune kuwaona ndidziwitseni. Ngati ayi, palibe vuto ngakhale pang'ono." Muli zinthu zitatu mmenemo. Mwanena poyera kuti mukugulitsa. Mwanena chimene mwaona inu mwini. Ndipo mwamutsegulira khomo lotulukira. Khomo limenelo ena amati limataya malonda. Ine ndimati ndi limene limakulolani kudzakumana ndi munthuyo mawa osazembana. Komanso uthenga wopanda chobisa suvuta kutumiza, chifukwa palibe chimene mukuopa kuti atulukira.

Pamaso m'pamaso, musayambe ndi kuyamikira katundu. Yambani ndi kufunsa. Anthu amanyazi ambiri amaganiza kuti wogulitsa wabwino ndi wolongolola, ndiye poti iwo sali otero amadziona osayenera. Si choncho. Wogulitsa wabwino amafunsa n'kumvetsera, ndipo pamenepo munthu wofatsa ali ndi mwayi kuposa wolongolola. "Panopa mumadzola chiyani?" "Akukuchitirani bwino?" "Chimene simukondwera nacho n'chiyani?" Akakuuzani kuti zimene akudzola zikuwayendera bwino, nenani kuti zili bwino, pitirizani nazo, ndipo nkhani yathera pomwepo. Simunakanidwe, mwangopeza kuti si kasitomala wanu. Akati zimawasiya khungu lotuwa pofika masana, pamenepo m'pamene mutulutse botolo, mutsegule, muwadontheze pang'ono kuseri kwa dzanja, n'kukhala chete kuti adzimvere okha.

Kusonyeza kumeneku ndi kumene kunamanga malonda a mtundu wanu. Earl Tupper atatulutsa makontena ake apulasitiki mu 1946, m'masitolo sankayenda bwino, chifukwa anthu sankadziwa katsekedwe ka chivindikiro chake. Mayi wina dzina lake Brownie Wise anayamba kuwasonyeza m'nyumba za anthu. Ankathira madzi m'kontena, kutseka, n'kuliponya kwa mmodzi mwa alendo, ndipo madzi osatayika. Pofika mu 1951 kampaniyo inachotsa katundu wake m'masitolo n'kudalira njira ya m'nyumbayi. Onani kuti chimene chinkagulitsa si kukakamiza, koma kuona ndi maso. Ngati katundu wanu ali wabwino, musiyeni alankhule, inu muchepetse mawu. Kwa munthu wolemera pakamwa, imeneyi ndi nkhani yabwino.

Malo amene ambiri amagwera ndi pa mtengo. Mwafotokoza bwinobwino, munthu wafunsa kuti ndi zingati, ndiye mawu ayamba kunjenjemera: "Ndi odulirapo pang'ono, komabe mwina ndikhoza kukuchotserani, kapena mutenge mudzandipatse kumapeto kwa mwezi." Munthuyo sanadandaule n'komwe, inu mwadzitsitsa kale. Tchulani mtengo momveka, kenaka tsekani pakamwa. Kachetechete wotsatirayo amaoneka wautali kwa inu, koma mnzanuyo akungowerengera m'mutu. Ndipo pa nkhani ya ngongole ndikhale wouma mtima: wogulitsa wamanyazi asakongoze. Ngati kutchula mtengo kukukuvutani, kulondola ngongole kudzakuvutani kuwirikiza, ndipo mapeto ake mudzataya ndalama ndi mnzanu yemwe. Phindu la pa botolo limodzi m'mabizinesi amenewa limakhala lochepa, moti ngongole imodzi yosabwezedwa imadya phindu la mabotolo angapo.

Mayankho amene mudzamve ndi ochepa, ndipo mungawakonzekere. Wakuti "ayi" muthokozeni, musinthe nkhani, ndipo musasinthe nkhope. Wakuti "n'zodula" musakangane naye. Mufunseni kuti akuyerekeza ndi chiyani, muuzeni kuti botolo limatha nthawi yaitali bwanji ngati mukudziwadi, ndipo ngati akadali pomwepo, mulekeni. Wakuti "ndiganizire kaye" nthawi zambiri akukana mwaulemu, koma osati nthawi zonse. Mufunseni kuti, "Ndidzakufunseninso sabata yamawa, kapena ndidikire kuti mundiuze nokha?" Akakulolani, mufunseni kamodzi pa tsiku limene mwagwirizana. Akapanda kuyankha, nkhani yatha. Chiphunzitso chakuti "ayi" amatanthauza "osati lero", ndiye uzingobwererabe, ndi chimene chinachititsa kuti anthu azithawa ogulitsa a network marketing. Musachitengere.

Nanga poyambira? Musayambe ndi munthu amene mumamuopa kwambiri. Akatswiri othandiza anthu amantha amagwiritsa ntchito makwerero: kuyamba ndi chopepuka, kuchibwereza mpaka mtima utazolowera, kenaka kukwera. Kwa inu khwerero loyamba likhoza kukhala kunena mokweza muli nokha chiganizo chimodzi chofotokoza zimene mumagulitsa, mpaka chitasiya kumveka chachilendo m'kamwa. Lachiwiri, kuuza munthu amene mumamasuka naye, mutamuuziratu kuti simukufuna agule, mukungoyeserera, ndipo akuuzeni pamene mwamveka ngati mukuloweza. Lachitatu, uthenga umodzi kwa mmodzi mwa amene munachonga aja. Kenaka foni. Kenaka mlendo amene nkhani ya khungu yangobwera yokha pocheza. Ambiri amadabwa kuona kuti kwa mlendo n'kosavuta kuposa kwa m'bale, poti mlendo akakana palibe chimene chasweka.

Cholinga cha tsiku chikhale chinthu chimene chili m'manja mwanu. "Lero ndigulitsa mabotolo atatu" si cholinga chabwino, chifukwa chikwama ndi cha wina. "Lero ndilankhula ndi anthu awiri" ndi chanu chonse, ndipo mukachita mwapambana kaya agula kaya sanagule. Muchimangirirenso ku nthawi ndi malo. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti anthu amene amanena kuti "zakuti zikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa zolinga zawo kuposa amene amangoti "ndiyesetsa". Ndiye musati "mawa ndiimba". Nenani kuti "ana akangonyamuka kupita kusukulu, ndikhala pampando uwu n'kutumiza uthenga kwa uje." Chitani m'mawa. Chinthu choopsa ukachisungira madzulo chimakudya tsiku lonse, ndipo madzulowo umapeza chifukwa chochisiyira.

Samalani ndi ntchito zooneka ngati ntchito. Kuika zithunzi pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook n'kothandiza pokumbutsa anthu kuti mulipo, koma kwa munthu wamanyazi kumasanduka pobisalira. Umaika zithunzi khumi, umamva ngati wagwira ntchito, koma sunalankhule ndi munthu. Chimodzimodzi misonkhano yolimbikitsana. Umatulukamo magazi akuwira, pofika Lachiwiri moto wazima, ndipo ngati pakhomo pamalipiritsa, walipira kuti umve bwino kwa maola ochepa. Chithunzi chimodzi chokhala ndi mawu anuanu chimaposa khumi zotumizidwa kuchokera ku gulu, zimene anzanu aziona kale kwa anthu ena asanu.

Pa mapiritsi a mavitamini aja ndiyankhule mosapita m'mbali. Amenewo si mankhwala ochiza matenda. Musanene kuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa, kusabereka kapena HIV, ngakhale mutamva wina akuchitira umboni pamsonkhano. Musauze munthu aliyense kuti asiye kapena achepetse mankhwala a kuchipatala. Wodwala, woyembekezera, kapena amene akumwa mankhwala ena, muuzeni afunse kaye dokotala, chifukwa zina mwa zinthu zimenezi zimasokonezana ndi mankhwala. M'mayiko ambiri kunena kuti chinthu chimachiza matenda popanda umboni ndi mlandu, ndipo makampani ambiri amaletsa okha m'malamulo awo, kutanthauza kuti zikavuta mudzatsala nokha. Ngati gawo lina la manyazi anu likuchokera pa mawu otere amene mwauzidwa kunena, asiyeni mawuwo ndipo muona pakamwa pakupepuka. Mwinanso yambani ndi mafuta ndi sopo zokha, zimene munthu angaone, kununkhiza ndi kuyesa.

Kulowetsa anthu ena ndi nkhani ina, ndipo uphungu wanga ndi woti muisiye kaye. Kugulitsa botolo ndi kupempha munthu ndalama zochepa posinthana ndi chinthu chimene wachigwira m'manja. Kumulowetsa ndi kumupempha ndalama, nthawi ndi maubale ake posinthana ndi lonjezo. Simungalonjeze mnzanu chinthu chimene inu simunachione. Masamu akenso ali ndi malire. Aliyense akalowetsa anthu 5, ndipo iwonso 5 aliyense, pa mzere wa 10 pamafunika anthu 9,765,625, ndipo pa mzere wa 15 pamafunika oposa 30 biliyoni, pamene dziko lonse linakwana anthu 8 biliyoni mu 2022. Kulikonse kumene muli, anthu ofuna kulowa amatha msanga kuposa mmene zojambula za pabolodi zimasonyezera. Mukadzakhala ndi makasitomala obwereza, amene amakuimbirani okha botolo likatha, ndipo mukadzatha kusonyeza munthu kabuku kanu ka ndalama osachita manyazi, pamenepo mungaganize zouza wina kuti alowe. Ndipo mudzamuuze zonse, zowawa zomwe.

Makasitomala obwerezawo ndi amenenso amachiza manyazi kuposa china chilichonse. Munthu akagula, mufunseni pakapita masabata awiri kuti zikuyenda bwanji, osamugulitsa kanthu. Akadandaula, mvetserani ndipo muthandizeni kubweza ngati malamulo akulola. Akayamikira, mufunseni ngati akudziwa wina amene ali ndi vuto lomwelo, ndipo amupatse yekha nambala yanu m'malo moti inu mumuimbire mosayembekezera. Tsiku limene munthu adzakuimbireni yekha kuti mumubweretsere lina, mudzasiya kudziona ngati wopemphetsa.

Kabuku ndakatchula kaja kayambeni lero. Mbali imodzi lembani chilichonse cholowa: phindu la pa katundu ndi komishoni. Mbali inayo chilichonse chotuluka: ndalama yolowera, katundu wa mwezi ndi mwezi, amene mwadzola nokha, zoyesetsa anthu, mayendedwe, mayunitsi ndi intaneti, misonkhano. Pansi lembani maola amene mwathera. Lembaninso anthu amene mwalankhula nawo ndi amene agula, kuti pakapita nthawi mudziwe kuti mwa anthu khumi amagula angati; chiwerengero chimenecho chikadziwika, "ayi" aliyense amasanduka gawo la masamu, osati chigamulo pa inu. Dzipatseni miyezi itatu yogwira ntchito moona, ndipo m'miyezi imeneyo musagule katundu wina kufikira amene muli naye atatha, kaya akuuzeni kuti mutsika udindo kapena muphonya bonasi. Kugula katundu pofuna kusunga udindo ndi njira imene anthu ambiri amatayira ndalama m'mabizinesi amenewa. Miyezi itatuyo ikatha, kabukuko kadzakuuzani zoona. Ngati mwalankhula ndi anthu mokhulupirika koma katundu sakuyenda, vuto si pakamwa panu. Luso lofunsa, kusonyeza ndi kutchula mtengo limene mudzakhale mutaphunzira lidzagwira ntchito pa malonda ena alionse, ngakhale amene phindu lonse ndi lanu.

Kwa upline wanu, pitani mwaulemu koma ndi mafunso olembedwa. Apempheni chikalata cha kampani chosonyeza ndalama zimene olowa amapeza pachaka, ndipo pochiwerenga muyang'ane mzere wa pansi pamene pali anthu ambiri, osati wa pamwamba. Afunseni kuti iwo ali ndi makasitomala angati amene sali mu bizinesiyi. Apempheni kuti tsiku lina mupite nawo mukaone akugulitsa botolo kwa munthu wamba, osati akulowetsa munthu. Upline wabwino adzakondwera ndi pempho limeneli. Amene adzakwiye kapena kubwereza za maganizo a umphawi, wakuyankhani kale.

Funsaninso za kubweza katundu, ndipo yankho lake mulione lolembedwa m'mgwirizano umene munasaina. Bungwe la makampani ogulitsa mwachindunji ku America, la Direct Selling Association, limalamula mamembala ake kugulanso katundu wogulitsika amene munthu wosiya bizinesiyo anagula m'miyezi 12 yapitayo, pa mtengo wosachepera 90 peresenti ya umene analipira, ndipo mabungwe otere m'mayiko ena ali ndi malamulo ofanana nawo. Si kampani iliyonse imene ili membala, ndiye onani zimene yanu inalemba, makamaka nthawi imene amapereka. Pakadali pano mabokosi amene simunayambe kugulitsa musawatsegule, malisiti asungeni pamodzi, ndipo yang'anani tsiku lothera mphamvu pa botolo lililonse, chifukwa katundu wotsegulidwa kapena wotsala pang'ono kutha mphamvu kawirikawiri salandiridwa.